Dzina lili pa mndandanda wa CUCI koma ndalama sizikulowa, alandilodi azula chitseko (zokambirana za mu 2021)

Nasibeko: Anzanga thandizeni msanga. Ndikuthandiza mayi wina wa ana atatu kuno ku Mtandire, ankachapa m'mayadi ku Area 47 koma mabwana anamuletsa kulowa pageti chifukwa cha korona. Dzina lilipo pa mndandanda wa CUCI, pulogalamu ya boma yotumiza ndalama pa foni kwa mabanja ovutika a m'mizinda pa nthawi ya korona, a block leader atsimikiza, koma K35,000 ya pamwezi ija sinalowepo ngakhale kamodzi. Nambala imene analembetsa ili m'dzina la mwamuna wake amene ali ku Joni, ndiye sikugwirizana ndi chiphaso chake cha unzika. Lendi yaunjikana miyezi itatu. Dzulo alandilodi azula chitseko, usiku wagona atatchinga chitenje pakhomo ndi anawo. Fomu ya madandaulo ndinapereka kale, kuli zii. Nditani?

aPhiri a ku Ndirande: Asisi, choyamba musamalonjeze alandilodi ndalama za CUCI. Imeneyi si ndalama ya lendi, ndi ya banja, adye. Mukangoitchula, tsiku lolowa ndalamayo adzaima naye pakhomo la ejenti.

Nachisale: Atenge chiphaso chake akalembetse SIM yatsopano m'dzina lake, atsegule Mpamba kapena Airtel Money, kenako mulembe kalata yosintha nambala kudzera ku komiti ya madandaulo, a block leader asainire. Koma chenjerani, yakaleyo asaitaye. Ku Zomba ndinali ndi agogo ena, tinasintha nambala, ndalama n'kukalowa pa yakale imene mdzukulu anali atapita nayo kumudzi. Pomwe tinkamupeza anali atagula kale feteleza. Agogowo anatulutsidwa, katundu anagona panja mvula ikugwa.

aPhiri a ku Ndirande: N'chifukwa chake ndikuti musamange lendi pa ndalama imene simukudziwa tsiku lake.

Nasibeko: Achimwene ndamva, koma usiku uno agona bwanji opanda chitseko? Ndifunse zimenezo.

Mlangizi wa ku Mzuzu: Za chitsekozo pitani ndi a block leader, musapite nokha. Mukhale pansi ndi alandilodi, mulembe kapepala kolipira pang'onopang'ono, onse asaine, chitseko chibwerere lero. Kupolisi musathamangire. Ine ndinaonapo mayi anapambana mlandu ku Victim Support Unit, chitseko chinabwezedwa, mwezi wotsatira anamupatsa notisi ati mwana wawo akufuna nyumbayo. Komanso alandilodi ambiri a m'makomboni nawonso akulira, ena ndi amasiye odalira timanyumba tiwiri tomweto kuti agule ufa.

Nachisale: Zoona. Ndipo musatenge foni yake kapena PIN kuti mumusungire, ngakhale akupempheni yekha. Ndalama ikangosowa, wakuba ndinu. Komanso muuzeni za aja oimba foni akunamizira kuti ndi a boma, akuti tumizani kaye kenakake kuti dzina lituluke. Anthu abedwa kwambiri chaka chino.

aPhiri a ku Ndirande: Kapepalako kasatchule CUCI. Ndibwerezanso. Pulogalamuyi ndi ya miyezi itatu basi, yonse pamodzi K105,000. Akapereka yonse kwa alandilodi, mwezi wachinayi adya chiyani, ntchito yochapa isanabwerere?

Mlangizi wa ku Mzuzu: APhiri, munthu wopanda pogona nsima aphikira pati? Mayiyo asankhe yekha, ndalama ndi yake, ife ntchito yathu n'kumuuza zoona zake.

aPhiri a ku Ndirande: Asankhe ndalama ili m'manja, osati alandilodi atamupanikiza pakhomo.

Nabanda: Pepani ndalowerera. Kodi kwanuko amene anasamuka dera atalembetsa kale mukuwathandiza bwanji? Ndili ndi mabanja awiri anathawa lendi ku Bangwe n'kupita ku Chirimba, a block leader atsopano akuti sakuwadziwa, akalewo akuti si anthu awonso.

Nachisale: Amenewo ndiye avuta. Nambala zawo zili m'maina awo?