Paketi imodzi ya yisiti, zofululira ziwiri zosalingana: ndigawe bwanji?

Membala wobisa dzina
Akuluakulu odziwa kufulula, ndithandizeni nzeru Loweruka lisanafike. Ndikufuna kuphika mowa wa mtundu wa pale ale wa malita 21, OG (gravity yoyambira, muyeso wa shuga yisiti isanayambe ntchito) ikhale cha m'ma 1.050. Ndilibe chidebe chokwana mowa wonsewo n'kutsalanso malo a thovu, ndiye ndigawa: malita 14 mu ndowa ya pulasitiki, malita 7 m'botolo lalikulu lagalasi, lomwe ndidzathiremo hops (maluwa opatsa mowa fungo ndi kuwawa) wina pambuyo pake kuti ndimve kusiyana. Yisiti ndili ndi paketi imodzi yokha ya mtundu wa US-05, ya magalamu 11.5.

Ulendo wathawu ndinangogawa ndi maso. Kung'amba paketi, kugwedezera pang'ono uku, pang'ono uko, basi. Kutacha ndowa inali itachita thovu mpaka pa chivindikiro, botolo lili zii. Linakhala choncho masiku awiri athunthu, ine n'kumangolisuzumira ndi tochi usiku ngati ndikudwazika mwana. Mowa wake unatuluka ndi kafungo kakuthwa, kowotcha pakhosi, pomwe wa mu ndowa unali bwinobwino. Kodi ndinalimana yisiti botololo, kapena munalowa tizilombo? Nanga ulendo uno ndigawe theka ndi theka, kapena ndingogula paketi ina?

Mfululi wakale
Achimwene, theka ndi theka ayi. Yisiti simuwerengera zidebe, mumawerengera malita. Ndowa yanu ikutenga magawo awiri mwa atatu a mowa, ndiye yisiti itengenso chimodzimodzi: magalamu 7.7 mu ndowa, 3.8 m'botolo. Opanga US-05 amati magalamu 50 mpaka 80 pa malita 100, kutanthauza theka la galamu pa lita imodzi poyambira. Pa malita 21 paketi yanu ikukwana, koma yotsala palibe, ndiye mukaphonya pogawa mbali imodzi ivutika. Kafungo kowotcha pakhosiko kamabwera yisiti ikachepa n'kugwira ntchito mopanikizika, makamaka malo akatentha. Tizilombo tikalowa, nthawi zambiri mowa umasasa.

Mayi wa ma hops
Inu musavutike ndi masamu. Mukaziziritsa wort (madzi otsekemera a chimera omwe adzasanduke mowa) kufika 18 kapena 20°C, thirani yisiti yonse mumphika momwemo, dikirani inyowe, takasani bwino ndi chipande chomwe mwaviika mu sanitizer (mankhwala ophera tizilombo), kenako gawani. Lita iliyonse imatenga gawo lake yokha. Ine ndimatero nthawi zonse.

Mfululi wakale
Zoona mayi, bola akumbukire kutakasa uku akuthira. Yisiti imadikha msanga. Akayamba kudzaza botolo kenako ndowa, wotsiriza atenga yisiti yambiri pamodzi ndi nsenga zonse za pansi pa mphika. Ndi bwino kuthira mosinthanasinthana, malita awiri uku, imodzi uko, mpaka mphika uthe.

Membala wobisa dzina
Sikelo ndili nayo koma ndi ya kukhitchini, imangowerenga magalamu athunthu. 3.8 ndiipeza bwanji pamenepo?

Wa syringe
Sikeloyo isiyeni, ikunamizani. Wiritsani madzi, muwaziziritse afike pakati pa 25 ndi 29°C, muyese mamililita 115, ndiye kuti kulemera kwa yisitiyo kuchulukitsa ka 10. Wazani paketi yonse pamwamba, vindikirani, dikirani mphindi 15 mpaka 30. Ikasanduka ngati phala lamadzimadzi, vundulani n'kukoka ndi syringe yoyera: kawiri mu ndowa, kamodzi m'botolo, kubwereza mpaka kapu iume. Muzivundula musanakoke ulendo uliwonse, apo ayi mukoka madzi okhaokha poyamba, phala lonse n'kutsalira womaliza. Ndinaziona ndekha zimenezi, sindinamve kwa munthu.

Sindikonda zovuta
Gulani paketi yachiwiri abale, imodzi uku imodzi uko, nkhani yatha.

Mayi wa ma hops
Ndiye kuti magalamu 11.5 mu malita 7? Mowa upsa ndithu, koma iwowa akufuna kuyerekeza hops. Botolo likalandira yisiti yochuluka kawiri pa lita kuposa ndowa, akadzalawa adzadziwa bwanji kuti chasintha kakomedwe ndi hops kapena yisiti? Komanso akatsegula paketi n'kusiyamo yisiti ina, iyenera kutsekedwa bwino, kukhala mufiriji, n'kugwiritsidwa ntchito pasanathe masiku 7.

Mfululi wakale
Chinanso achimwene, ulendo wathawu munathirako madzi owonjezera mutagawa kale? Ngati munatero, mwina gravity sinali yofanana m'zidebe ziwirizo. Yesani ndi hydrometer (kachipangizo koyezera gravity) chilichonse pachokha musanathire yisiti. Ndipo malita 7 amazizira ndi kutentha msanga kuposa malita 14, ndiye ziikeni pamodzi, pamalo amodzi amthunzi, osati china pansi pa simenti china pa tebulo. Airlock (kotulutsira mpweya pa chivindikiro) musamaikhulupirire kwambiri, chivindikiro cha ndowa chimatha kutulutsa mpweya m'mbali. Yang'anani thovu. Maola 12 mpaka 24 lisanaoneke si nkhani yodetsa nkhawa.

Membala wobisa dzina
Ha, mwandigwira. Madzi ndinathiradi mu ndowa mokha, botolo linalandira wort wosasungunula, ndipo linali pansi pafupi ndi khomo. Loweruka ndithira madzi onse mumphika, ndiyese gravity, kenako njira ya syringe ija. Funso limodzi lotsala: hops wa m'botoloyo ndimuthire tsiku lachingati, thovu likadalipo kapena litagwa?