Za matimati anga aja a ku Bvumbwe

Mwezi watha ndinafunsa chomwe chikudetsa masamba a matimati anga ndi kuwoletsa zipatso mvula ikalimbikira. Ambiri munati ndi chiwawu, ndipo munalondola. Ndinathyola masamba onse am'munsi n'kuwatentha, ndinazika timitengo kuti mbewu isagone pansi, kenaka ndinaphimbira nthaka ndi udzu wouma kuti matope asamagwere m'masamba. Mizere ya kumtunda yapulumuka. Ya kumunsi, kumene madzi amadikha, ndazula.

Chomwe chandikondweretsa ndi ndiwo zathu zomwezi. Bonongwe, nkhwani ndi therere sizikudandaula nayo mvula ya kuno ku Thyolo. Therere muzithyola likadali lanthete, likakhwima silikoma. Nkhwani wachuluka moti dzuwa likangowala ndifutsa wina.