Matumba a simenti afika: tichite nawo chiyani kumgodi wakale wa Changalume?

Wapampando: Moni nonse. Achimwene athu a ku Johannesburg atumiza ndalama ya matumba 40 a simenti. Akuti tiyambire pamenepo ganizo lija lokonza bwalo la magule ndi kanyumba ka mbiri pafupi ndi mgodi wakale. Tiyeni timve maganizo.

Mayi a Chisomo: Zikomo achimwene, Mulungu abwezere pomwe mwachotsapo.

Agogo Folomani: Ana anga, ndiloleni ndilankhule ine amene ndinagwira ntchito pamenepo mpaka imvi. Mdzukulu wanga wa Sitandade 7 anandifunsa tsiku lina kuti dzenje lija analikumba ndani. Mtima unandiwawa. Sadziwa kuti miyala ya laimu ya kwathu kuno inkaphulitsidwa, n'kuphwanyidwa, n'kuwotchedwa mu uvuni kukhala klinka, ndipo sitima inkanyamula klinkayo kupita ku Blantyre kukagaya simenti. Nyumba zambiri zakale za m'matauni muno zinamangidwa ndi phiri lathu. Ine chipewa changa chachitsulo chilipo, chiphaso chantchito chilipo, nsapato za jombo zilipo ngakhale makoswe anadya lilime lake. Ndikafa zidzaponyedwa kudzala. Ndimafuna zikhale pamalo poti mwana azigwire ndi manja ake.

Bambo a Tadala: Agogo, mawu anu ndi abwino. Koma tisanakhudze thumba ngakhale limodzi, ndalama za mlatho zija zili kuti? Tinasonkha miyezi itatu. Mpaka lero amayi akuwoloka madzi ali m'chiuno popita kuchigayo.

Msungichuma: Malisiti ndinaika pagulu pano chaka chatha. Amene anasintha foni asandinamizire ine.

Bambo a Tadala: Munaika a mchenga okha. A zitsulo ali kuti?

Agogo Folomani: Za mlatho mukambirane, koma musandiphere nkhaniyi. Ku Kimberley, ku South Africa, anasiya kukumba dayamondi mu Big Hole mu 1914, lero anthu amalipira kuti akangoliona dzenjelo. Gold Reef City ya ku Johannesburg inamangidwa pamgodi wakale wa golide. Ku Wales, mgodi wa malasha wa Big Pit unatsekedwa mu 1980, pofika 1983 alendo anayamba kutsikiramo, ndipo owaperekeza ndi amene ankakumba malashawo. Ntchito imeneyo ndingaigwire ine, miyendo ikadali bwino. Komanso muno muli madoda amene anapita ku Wenela ndi ku TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa. Ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 ili ndi anthu akwathu ochokera kumigodi, nkhani yake ana amaimva kuti?

Achimwene a ku Johannesburg: Ndi zomwezo agogo. Ku Gold Reef City ndinafikako. Koma chomwe chimadzaza anthu kumeneko ndi makatungwe ndi kasino, tisadzinamize. Ifeyo tiyambe ndi bwalo.

Aphunzitsi: Funso langa ndi la malo. Ndi a ndani panopa? Mbali ina kuli asilikali. Tikangomanga osafunsa a T/A Mlumbe, a kukhonsolo ndi a nthambi yoona za mbiri yakale, simenti ithera pachabe. Chachiwiri, mpanda. M'mphepete mwa dzenje si malo oti ana azithamangirapo pa tsiku la magule.

Mayi a Chisomo: Bwalo likatheka, tchopa ndiye atsegulire. UNESCO inamuzindikira mu 2014.

Che Mjomba: Nanga manganje ndi beni alakwa chiyani? Nthawi zonse mukakonza zinthu ife mumatiika kumapeto dzuwa litalowa.

Mayi a Chisomo: Che Mjomba, chaka chija munachedwa nokha ndi ng'oma zanu.

Agogo Folomani: Onse adzavina, bwalo silisankha phazi. Kukomboni tinkakhala Alomwe, Ayao, Amang'anja, ena ochokera kumpoto komwe, mpopi umodzi. Mabomba akati aphulike tonse tinkathawira mbali imodzi. Masamba a mango ankayera mbuu ndi fumbi, zovala pachingwe chimodzimodzi. Zimenezinso zilembedwe pakhomapo, zokoma ndi zowawa zomwe.

Bambo a Tadala: Ine ndikuti matumba 40 amenewo apite kumlatho. Alendo anuwo adzadutsa pati?

Achimwene a ku Johannesburg: Ndalamayo ndinatumizira bwalo. Ya mlatho ndinasonkha kale, kawiri.

Msungichuma: Ngati simukundikhulupirira sankhani wina, buku ndibweretsa Loweruka.

Wapampando: Chonde tisatulukemo m'gulu. Simenti ikhale kaye kusitolo mpaka tikumane. Aphunzitsi, mungalembe kalata yopita kwa amfumu?

Aphunzitsi: Ndilemba, koma asayine ndani, poti komiti inatha mphamvu mu Disembala?

Agogo Folomani: Bweretsani kuno ndidinde chala ine. Simenti ikagona nthawi yaitali imauma m'thumba momwemo, ndipo mvula ili pafupi.