Ma email kwa a investment banking: palibe akuyankha, ndikulakwitsa pati?

Wa ku Manchester: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndili chaka chachiwiri, economics, ndikufuna summer internship (ntchito yophunzirira ya patchuthi) ku investment banking, mabanki othandiza makampani kugulana ndi kupeza ndalama, ku London chaka chamawa. Ma application ndaponya, HireVue (interview yodzijambula pa video) ndachita, koma aliyense akuti popanda munthu wa mkati CV imangomira. Ndiye ndakhala ndikulembera ma analyst, ma associate, ndi ma MD (ma managing director, mabwana akuluakulu) omwe, pa LinkedIn ndi pa email. Zii. Ngakhale wondiuza kuti ayi palibe. Spring week (sabata imene mabanki amaitana ophunzira a chaka choyamba kukaona ntchito) inandidutsa, chaka choyamba palibe anatiuza kuti kuli zoterozo. Template ya email ndi ija ili ponseponse, CV ndikumata. Vuto lili pati?

Mkulu wa ku Sandton: Chemwali, za ma email zisiyeni. Sindinaonepo munthu atalowa banki chifukwa cholembera munthu wosamudziwa. Lowani Big Four kaye (makampani anayi akuluakulu a accounting), mumalize mapepala a accounting a ACCA kapena CA, mukhale ku transaction services (kofufuza mabuku a makampani amene akugulidwa) zaka zingapo, kenako mulowere cham'mbali. Ambiri amene ndimagwira nawo kuno anadzera kumeneko.

Analyst wosagona: Vuto loyamba, malangizo amene mukutsatirawo ndi a ku New York. Kumeneko kudziwana ndi anthu kumakankhadi CV. Ku London mabanki akuluakulu amadutsira pa portal ndi HR, ndipo amatenga anthu pomwe ma application akulowa, sadikira tsiku lotseka. Woponya Seputembala ali patsogolo pa woponya Novembala ngakhale atamwa khofi ndi theka la Canary Wharf, dera la mabanki ku London.

Chachiwiri, template imeneyo timaidziwa tonse. Mnyamata wina analembera desk yathu yonse uthenga umodzimodzi, anthu okhala moyandikana mipando, ndipo kwa mmodzi anaiwala kusintha dzina la banki. Cha m'ma 1 koloko usiku, tikudikira ma comment a pitch book (chikalata chokopera kasitomala), email ija inazungulira aliyense. Dzina lake sitinaliiwale. Ma MD asiyeni. Lemberani analyst wa chaka choyamba amene anaphunzira pasukulu panu, mizere 4 basi, tchulani deal imene timu yake inagwira, pemphani mphindi 15 pafoni. CV musamate, akaifuna aitanitsa okha. Kukumbutsa kamodzi pakatha sabata, akapanda kuyankha alekeni.

Mayi wa ku Leeds: Mwana wanga, SEO London munalembetsa? Nanga 10,000 Black Interns? Ku mabungwe amenewa, othandiza achinyamata kulowa ntchito, ndi kumene ana athu ambiri amapezera anthu owatsogolera. Komanso chenjerani ndi aja a pa Instagram olipiritsa ndalama ati akupezerani referral, munthu wa mkati wokukankhirani CV. Mwana wa mnzanga anapereka, anangomutumizira PDF ya mafunso opezeka ulele.

Mkulu wa ku Sandton: Mwamva nokha, ngakhale wa mkatiyo akuti email siigwira. Big Four.

Analyst wosagona: Sindinatero akulu. Ku ma boutique, mabanki aang'ono opanda HR ya ma graduate, email imagwira ntchito kwabasi, chifukwa woiwerenga ndi yemweyo wolemba ntchito.

Wakale pa visa: Ma boutique omwewo samalani nawo. Amakonda off-cycle, internship ya miyezi 3 mpaka 6, nthawi ya sukulu. Student visa imalola maola 20 pasabata sukulu ili mkati, full time ndi patchuthi pokha. Ntchito ya banki maola 20 amatha Lachiwiri. Ndipo ena aang'onowo alibe sponsor licence (chilolezo chopezera mlendo visa ya ntchito), mudzavutika nawo chilimwe chonse kenako n'kukuuzani kuti sangakusungeni. Funsani msanga, mwaulemu, koma funsani.

Wa ku Manchester: Zikomo nonse. Nanga wina akavomera foni ndikanene chiyani? DCF (njira yoyezera mtengo wa kampani) ndi ma statement atatu a ndalama za kampani ndaloweza, LBO (masamu ogulira kampani ndi ngongole) ndikadavutika nayo.

Analyst wosagona: Musakalakatule DCF, sanakufunseni. Afunseni za ntchito yawo, inu mvetserani. Koma khalani ndi nkhani imene ena alibe. Aliyense amabwera ndi ma deal omwewo a mu Financial Times. Inu mutha kufotokoza mmene Airtel Malawi ndi FDH Bank zinalowera pa Malawi Stock Exchange (MSE) mu 2020, ndi mutu umene munthu amadwala poyeza mtengo wa kampani yopeza ndalama m'makwacha amene anagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Discount rate, peresenti yosinthira ndalama za mtsogolo kukhala mtengo wa lero, mungaike bwanji pamenepo? Wa timu ya Africa adzakukumbukirani. Kungoti musanene zimene simungathe kuziteteza, akakufunsani kawiri mugwidwa.

Mkulu wa ku Sandton: Ma timu a Africa enieniwo ali kuno ku Joni, m'mabanki ngati RMB, Standard Bank, Absa, Investec. Ndipo akakuonani amafunsa kaye ngati muli ndi CA. Ndanena kale.

Wakale pa visa: Akulu, nanga work permit ya ku Joni mumupezera ndinu?

Wa ku Area 47: Pepani ndadumphira. Poti mwatchula za masheya, munthu ali kunja angagule bwanji pa MSE? Broker wanga akufuna mapepala osainidwa pamanja, ndipo dividend ikalowa kuitulutsa ndi nkhani ina.

Mayi wa ku Leeds: Imeneyo tsegulirani pake achimwene, nanenso ndili nayo mafunso.