Zomukonzera mwana wopita ku yunivesite ku Zomba

Mayi wa ku Mchinji: Mwana wanga wasankhidwa kukaphunzira ku University of Malawi ku Zomba, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chakudya komanso foni. Kodi ndimukonzere zotani asananyamuke?

Yankho loyamba: Mayi, yambani mwafufuza ngati wapeza malo ogona pasukulu, chifukwa ophunzira ambiri amachita lendi ku Chikanda, dera lapafupi ndi sukuluyi, kumene amadziphikira okha. Ngati akakhale kunja kwa sukulu, mumupatse ufa, nyemba, usipa, mapoto awiri ndi mbaula yophikira magetsi akazima, popeza kugula chakudya chophika kale tsiku lililonse kumamaliza ndalama mwezi usanafike pakati.

Yankho lachiwiri: Nambala ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso chake cha unzika, osati chanu, kuti Airtel Money kapena Mpamba ikhale m'dzina lake. Bandulo ya mwezi wonse imakhala yotsikirako mtengo kusiyana ndi kugula ya tsiku ndi tsiku, ndipo adzaifuna ndithu chifukwa mauthenga ambiri a m'kalasi amadutsa pa WhatsApp.

Yankho lachitatu: Afunsire ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira, nthawi yofunsira isanathe. Mumugulirenso bulangete lokhuthala, chifukwa ku Zomba kumazizira kwambiri mu June ndi July.