Kodi chimenechi ndi ng'anjo? Amalume akufuna kuchigumula

Abale anga pagulu pano, makamaka a ku Kasungu, ndithandizeni nzeru. Kumunda kwa agogo athu, mbali ya kwa Chulu, kuli chinthu chomangidwa ndi dothi, chozungulira ngati nkhokwe koma chopanda denga, kutalika kupitirira munthu. Mkati mwake dothi linapsa mpaka kuda. Pansi pali zibowo mozungulira, ndipo tikamalima pafupi khasu limafukula timapaipi tadothi tothyokathyoka ndi miyala yakuda yolemera, yooneka kuti inasungunukapo.

Amalume akuti ndi bani ya fodya ya nthawi ya Kamuzu. Ine ndakana: bani imakhala ya ngodya zinayi, ya njerwa, ili ndi khomo lolowetsera fodya. Umu munthu sangalowemo. Azakhali akuti ndi kachisi, tisachikhudze. Tsopano amalume akufuna kuchigwetsa mvula isanagwe kuti akuze munda wa soya. Ndiwauze chiyani? Nanga zotere timakanena kuti?

Ndemanga:

Achimwene, imeneyo ndi ng'anjo yosungunulira chitsulo, musakayike. Miyala yakudayo ndi zotsala za mwala wa chitsulo. Timapaipito ankalowetsa m'zibowo zapansizo kuti mpweya uzikoka wokha, n'chifukwa ankaimanga yayitali choncho, sinkafuna mvukuto. Ankathiramo makala ndi miyala ya chitsulo mosanjikiza, n'kuyatsa moto. Chotulukamo n'chimene amisiri ankasulira makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Ntchitoyi inafa makasu a m'sitolo atabwera ndi azungu. Zina zoterezi zilipo mpaka lero mu Kasungu National Park.

Azakhali anuwo sanalakwe kwenikweni. Ng'anjo zinkamangidwa kutchire, kutali ndi mudzi, ndipo zinali ndi miyambo yake: osungunula ankasala akazi awo mpaka ntchito ithe. Mantha amenewo ndi amene atsala mwa akuluakulu.

Ku Rumphi, kwa Aphoka, ziliponso.

Musagumule. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limateteza zinthu zakale zoterezi. Yambani mwawauza a nyakwawa, kenaka a Department of Museums and Monuments ku Lilongwe. Jambulani zithunzi, munthu ataima pambali kuti kutalika kuoneke. Timapaipito musamatole kupita nato kunyumba.

Amalumewo auzeni kuti pamalo pamenepo soya sangabereke ndi kale, nthaka yake ndi yopsa komanso yodzaza miyala. Azingolima mozungulira.