Wi-Fi ya laputopu yanga imasowa kompyuta ikadzuka kutulo, ndithandizeni nzeru

Wofunsa:

Moni kwa nonse a pagulu lino, makamaka inu amene mumakonza makompyuta. Ine ndili ndi kashopu pa Kamwendo kuno ku Mchinji, komwe ndimatayipa makalata, kusindikiza mapepala ndi kuthandiza anthu kutumiza mafomu pa intaneti, ndipo nyengo ino yogula mtedza ndi soya ntchito imachuluka chifukwa makalabu a alimi amabwera kudzalembetsa mayina a mamembala awo. Laputopu yanga ndi ya Windows 10, ndinaigula kwa munthu itagwirapo kale ntchito, ndipo intaneti ndimaitenga ku MiFi, kachipangizo kogawa intaneti kudzera pa Wi-Fi, imene imakhala pashelefu pafupi ndi zenera.

Magetsi akazima ndimadalira batire ya laputopu ndi kasola kamodzi, choncho ndinazolowera kutseka laputopu nthawi iliyonse pamene palibe kasitomala, kuti igone ndipo moto usathe msanga. Ndikaitsegulanso zonse ndimazipeza mmene ndinazisiyira, kalata imene ndimalemba ili pomwepo, koma chizindikiro cha Wi-Fi chimakhala chitasowa, ndipo ndikadina pamalopo sipaoneka dzina la netiweki ngakhale limodzi, pamene foni yanga, imene ili patebulo lomwelo, ikulandira mauthenga kudzera ku MiFi yomweyo. Sabata yatha mayi wina amene anabwera pa kabaza kuchokera kumudzi anakhala pabenchi akundiyang'ana, mapepala ake ali pamiyendo, ine ndikuzimitsa ndi kuyatsa kompyuta kawiri konse, ndipo mtima unandipweteka chifukwa fomu yawo inali kutsekedwa tsiku lomwelo.

Chimene chandizunguza mutu ndi chakuti ndikasankha Shut down n'kuyatsanso, nthawi zina vuto limakhalapobe, koma ndikasankha Restart Wi-Fi imabwerera pomwepo. Kodi kadi ya Wi-Fi yafa, kuti ndikagule kachipangizo kobaya pa USB? Ndipo ngati vuto lili pa njira za Windows zopulumutsira moto, ndikazizimitsa batire idzandifikitsa madzulo?

Woyankha woyamba:

Achimwene, musathamangire kugula chilichonse, chifukwa kadi yakufa siuka ndi Restart. Ndimakonza makompyuta pa Kasungu boma ndipo zoterezi ndimakumana nazo kawirikawiri. Kompyuta ikamagona, Windows imauza driver, amene ndi pulogalamu yoyendetsa kadiyo, kuti atsitse kadi kuchoka pa D0, pamene imagwira ntchito mokwanira, kupita pa D3, pamene imakhala ngati yazimitsidwa. Podzuka, driver yemweyo ayenera kuibwezera moto, kuikonzanso ndi kufufuza netiweki, ndipo akalephera sitepe imodzi kadi imatsalira kutulo pamene zina zonse zadzuka.

Tsegulani Device Manager, malo a Windows oonetsa zipangizo zonse za mu kompyuta, pitani pa Network adapters, dinani kawiri pa dzina lokhala ndi mawu akuti Wireless kapena Wi-Fi, kenako pa Power Management muchotse chizindikiro pa mzere wakuti Allow the computer to turn off this device to save power. Za Shut down zija zili ndi chifukwa chake. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, pali chinthu chotchedwa Fast Startup, chimene chimachititsa kuti pozimitsa kompyuta isunge pa diski mtima wa Windows pamodzi ndi ma driver mmene alili, n'kudzawatenganso poyaka. Ndiye ngati driver anasokonekera, mumamugoneka ali wosokonekera ndipo mumamudzutsa ali chimodzimodzi, pamene Restart imayamba zonse mwatsopano. Mungachizimitse pa Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do.

Woyankha wachiwiri:

Bambo, zimene anena anzathu a ku Kasungu ndi zoona, koma ndikufuna kuyankha nkhawa yanu ya batire, popeza inenso ndimagwira ntchito kumalo kumene moto timachita kuuwerengera. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Kugona kwa kompyuta yonse ndi kwina, ndipo kusunga moto kwa kadi pamene kompyuta ili maso ndi kwinanso. Pa chachiwirichi, kadi imauza MiFi kuti ikuwodzera pang'ono, MiFi imaisungira mauthenga ake, ndipo kadi imadzuka kudzamvera chizindikiro chotchedwa beacon, chimene nthawi zambiri chimatumizidwa pafupifupi kakhumi pa sekondi imodzi, kuti idziwe ngati pali chake. Zimenezi zikasokonekera, intaneti imachedwa kapena kudukaduka mukugwira ntchito, koma inu simunadandaule zimenezo, ndiye ine sindikuona chifukwa chozimitsira mbali imeneyi.

Mukafuna kuiona, ili pa Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, Wireless Adapter Settings, ndipo mumaloledwa kusankha mosiyana pa batire ndi pa magetsi. Ikani Maximum Performance pa magetsi, ndipo pa batire musiye Medium Power Saving. Komanso dziwani kuti pa laputopu chimene chimadya moto kwambiri kuposa kadi ya Wi-Fi ndi kuwala kwa sikirini, choncho mukachepetsa kuwalako mupulumutsa zambiri. Ngati mukudziwa kuti kasitomala sabwera msanga, monga nthawi ya nkhomaliro, sankhani Hibernate m'malo mwa Sleep, chifukwa imasunga ntchito yanu pa diski ndipo kompyuta imazimiratu.

Chomaliza, ngati pa Device Manager simupeza Power Management, musadabwe. Tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, mulembe powercfg /a, ndipo mukaona S0 Low Power Idle m'malo mwa S3, imene ndi njira yakale yogonera, ndiye kuti laputopu yanu imagona mwa njira yatsopano yotchedwa Modern Standby, imene nthawi zambiri siionetsa malo amenewo. Zikatero chotsala ndi kusintha driver.

Woyankha wachitatu:

Akulu, ndingowonjezera pa nkhani ya kachipangizo ka USB, kuti mungadzagule n'kupeza matenda omwewo, chifukwa Windows ili ndi USB selective suspend imene imagoneka chipangizo chobayidwa pamene sichikugwira ntchito, ndipo tizipangizo tina sitidzuka bwino. Kasitomala akakhala pabenchi ndipo Wi-Fi yasowa, simufunika kuyambitsanso kompyuta yonse: pa Device Manager dinani kadiyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Disable device, mudikire pang'ono, kenako Enable device, ndipo driver amayambiranso popanda kutseka kalata imene mukulemba.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza zedi. Ndinalemba powercfg /a monga munanenera mayi, ndipo yanga inaonetsa S3, choncho Power Management ndinaipeza, ndinachotsa chizindikiro chija ndipo Fast Startup ndinaizimitsa. Lero ndi tsiku lachitatu, laputopu ndaitseka ndi kuitsegula kangapo patsiku, ndipo Wi-Fi yasowa kamodzi kokha, dzulo masana pamene magetsi anazima laputopu ili mtulo, kotero kuti inagona ili pa chaja n'kudzuka ili pa batire. Njira ya Disable ndi Enable inaibwezera kasitomala asanamalize kufotokoza zimene amafuna. Batire sindikuona kuti yasintha, mwina chifukwa kuwala kwa sikirini ndinachepetsa.

Funso langa latsala pa driver. Kodi ndimutenge pa tsamba la kampani imene inapanga laputopu, kapena la imene inapanga kadi ya Wi-Fi? Ndikufunsa chifukwa bandulo yanga ndi yochepa ndipo sindikufuna kutsitsa kawiri.

Woyankha woyamba:

Achimwene, yambani ndi tsamba la opanga laputopu, mufufuze ndi nambala ya modelo yolembedwa kunsi kwake, chifukwa driver wawo anayesedwa pamodzi ndi BIOS ya makina amenewo, pulogalamu ya mkati imene imayamba kugwira ntchito Windows isanayake, ndipo kugona ndi kudzuka kumadalira kugwirizana kwa ziwirizi. Musanamuike, lembani papepala nambala ya driver amene muli naye pano, imene ili pa Device Manager pa Driver, ndipo watsopanoyo akakuvutani, pamalo omwewo pali batani la Roll Back Driver lobwezeretsa wakale. Mukayesa, mugoneke laputopu ili pa chaja, muzule chaja, kenako muitsegule, popeza ndi pamene vuto linakuonekerani dzulo, ndipo mudzatiuze zimene mwapeza.